Matenda Anga a Lachisanu

1

Dzina langa ndine Japhet. Kwathu ndi ku Kakumbi, m'mphepete mwa paki ya nyama zakuthengo, ndipo ntchito yanga ndi yothamangitsa njovu m'minda ya anthu. M'gulu lathu tilipo asanu ndi mmodzi. Mfuti zathu siziponya zipolopolo, zimaponya timipira todzaza tsabola. Kampira kakaphulika pamphumi pa njovu, imayetsemula n'kutembenuka, ulendo wobwerera kupaki. Sindikudzitama, koma mukafunsa kuno kuti amalasa bwino ndani, akuuzani kuti ndi mwana wa a Anastasia.

Anthu omwewo akuuzaninso kuti mwana wa a Anastasiayo anafika zaka 29 asanafunsirepo mkazi ngakhale mmodzi.

Njovu ndinkaiyang'ana m'maso. Koma mtsikana akangoti, "Mwaswera bwanji a Japhet?" lilime linkauma gwa, makutu n'kumatentha. Tsiku lina wina anandipatsa moni pachigayo, ine n'kumuyankha kuti, "Zikomo, ndadya kale." Mpaka lero azimayi a pachigayo amanditchula kuti a Ndadyakale.

Amayi anayesetsa. Anapangana ndi mnzawo wa kutchalitchi, a Tabeth, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu momwemo, kuti abweretse mwana wa mng'ono wawo wa ku Msoro adzandione. Dzina lake anali Purity. Nditawaona akubwera chapatali, mtsikanayo atavala diresi yachikasu, sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinakwera m'nkhokwe. Ndinakhala mmenemo maola atatu, amayi akunama kuti andituma ku Mfuwe, mpaka fumbi la chimanga linandiyetsemulitsa. Purity anabwerera kwawo atagwira nthiti ndi kuseka. A Tabeth sanaseke. Anati tawachititsa manyazi, ndipo kuyambira tsikulo iwo ndi amayi ankangopatsana moni wa pakamwa chabe.

Ndafotokoza zimenezi kuti muyambe mwandidziwa, ndisanakuuzeni choipa chimene ndinachita.

2

Unali mwezi wa Januwale, chimanga chili cholekeza m'chiuno. Tinkasakaniza tsabola wopera ndi mafuta pakhomo pa Evans, mkulu wa gulu lathu, amenenso ndi mnzanga wa kuyambira ku giredi wani. Ntchentche inatera pachikope changa. Ine osaganiza, ndinaipukuta ndi dzanja.

Amene anamva kukuwa kwanga akuti ankayesa kuti wina wagwidwa ndi ng'ona. Evans anandikweza panjinga, liwiro la kukiliniki.

Sindinkaona kanthu. Ndinangomva manja ozizira akundigwira chibwano, ndi mawu a mkazi wolankhula Chinyanja chopindikapindika.

"Musatsegule maso. Ndikutsukani ndi madzi. Inu ndi aja oombera njovu?"

"Eee," ndinatero, "koma lero njovu zabwezera."

Anaseka. Ndipo ine, poti maso anali otseka, ndinapitiriza. Ndinamuuza za njovu ya mnyanga umodzi imene imadutsa minda yonse n'kukadya maungu a akulu a mpingo okha. Ndinamuuza za tsiku limene Evans anathawa n'kusiya nsapato imodzi m'matope, m'mawa mwake n'kuipeza itapondedwa ngati nsomba youma. Iye anandiuza kuti dzina lake ndi Nalishebo, kwawo ndi ku Mongu, anabwera kudzagwira unesi kuno miyezi iwiri yapitayo, ndipo sabata yake yoyamba anapeza njovu ikudya mango kuseri kwa nyumba yake, iye n'kudzitsekera m'bafa mpaka dzuwa kutentha.

"Tsegulani tsopano," anatero.

Ndinatsegula. Pafupi penipeni ndi nkhope yanga panali nkhope ya mkazi wamtali, wakuda mosalala, wa kampata pakati pa mano. Ankandiyang'ana m'maso mwenimwenimo, monga ntchito yake inkafunira.

Nkhani zonse zinathera pomwepo.

"Mukuona bwino?"

Ndinagwedeza mutu.

"Kukuwawabe?"

Ndinapukusa mutu.

"Mwameza lilime?"

Ndinagwedezanso mutu.

Anatenga lamba wa makina oyezera BP n'kundikulunga pamkono. Zala zake zitakhudza khungu langa, mtima unayamba kugunda ngati ng'oma ya pachinamwali. Makina analira. Iye anayang'ana manambala, anachita tsinya, anayezanso.

"172. Ulendo wachiwiri 176. A Japhet, magazi anu akuthamanga kwambiri. Kwanu alipo odwala BP?"

Ndinapukusa mutu.

"Mwina ndi ululu wa tsabola. Mubwere Lachisanu tidzaonenso."

Pobwerera Evans ankapalasa njinga uku akucheukacheuka. "Iwe, munthu amalankhula muja unali iweyo? Ndiye tizikuthira tsabola m'maso m'mawa uliwonse."

3

Lachisanu ndinapita nditasamba kawiri, malaya nditasita. Makina anati 165. Lachisanu linzake anati 158. Nalishebo analemba pakhadi langa kuti ndichepetse mchere. Amayi ataona khadilo, sanachepetse ayi, anabisa mchere wonse. Nsomba zopanda mchere, nkhwani zopanda mchere, ngakhale mtedza wokazinga. Ndinkadya ngati munthu wolangidwa, koma sindinadandaule, chifukwa Lachisanu linali kubwera.

Nalishebo sanachedwe kuona vuto langa. Pakhoma la m'chipinda chake panali kalendala ya chithunzi cha mwana akulandira katemera.

"Ngati nkhope yanga ikukuopsani, muzilankhula ndi mwana uyo," anatero. "Ine ndizimvera kumbali."

Zinatheka ndithu. Ndikayang'ana mwana wa pakalendala, mawu ankatuluka. Anandipempha kuti ndizimuphunzitsa mawu atatu a Chikunda, chilankhulo cha kwathu kuno, pa ulendo uliwonse, chifukwa akuluakulu ambiri obwera kukiliniki ankafotokoza matenda awo m'chilankhulo chimene iye sankamva. Ankalemba mawuwo kuseri kwa dzanja lake. Akalakwitsa katchulidwe ndinkaseka, iye n'kundiopseza ndi jakisoni.

Lachisanu lachitatu ndinamufunsa funso loyamba pa moyo wanga lofunsa mkazi amene si m'bale wanga.

"Kwanu mumakusowa?"

"Ndimasowa madzi," anatero. "Kwathu nyengo ino chigwa chonse chimadzaza, timapita kusukulu pabwato. Kuno Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi, aliyense amapita kwa abale ake. Ine ndimakachapa zovala zochapachapa kale."

Ndinachotsa maso pakalendala n'kumuyang'ana. Ndinawerenga chamumtima mpaka katatu ndisanagwetse nkhope. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, amayi n'kumadabwa kuti wodwala wanji ameneyu.

Za Lachisanu lachinayi ndisunge kaye. Ndikuuzani kutsogoloku.

Lachisanu lotsatira ndinalowa m'chipinda muja womalizira pamzere, malaya atanyowa ndi thukuta. Makina anati 181.

Nalishebo anaima. "Izi sizili bwino. Tiyamba mankhwala lero." Anandipatsa kapaketi ka mapiritsi, kenako anatembenuza khadi langa n'kulemba nambala yake ya foni. "Mukamva mutu kapena chizungulire, muimbe. Musachite manyazi."

Nambalayo ndinailoweza ndisanafike pageti. Sindinaimbe ngakhale kamodzi.

Sabata yotsatira makina anati 179.

"Mankhwala aja mukumwa?"

Ndinayang'ana mwana wa pakalendala n'kugwedeza mutu.

4

Ku Kakumbi nkhani siyenda pansi. Pofika mwezi wa Malichi, aliyense ankadziwa kuti Japhet akudwala matenda okana mankhwala. Azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi anabwera kudzandipempherera, atandizungulira ine ndili pampando pakati ngati mkwati. Wina anabweretsa adyo, wina masamba owawa oti ndizimwa m'mawa. Ndikanyamula ndowa, amayi ankailanda.

Kenako kunabwera Evans, chipewa chili m'manja.

"Mnzanga, akuluakulu a bungwe lotilemba ntchito amva. Akuti munthu wa BP ya 180 asathamangitse njovu. Ungatigwere pakati pa munda."

"Koma chimanga chakhwima. Ino ndiye nthawi yake."

"Ndikudziwa. Bweretsa mfutiyo. Ukachira udzaitenga."

Ndinaipereka.

Lachisanu lachisanu ndi chitatu ndinapeza Nalishebo atakonzeratu kalata. Sanafunse mawu a Chikunda tsikulo.

"Ndalankhula ndi adokotala," anatero. "Munthu wa zaka zanu, wosanenepa, wosasuta, mankhwala osagwira. Afuna aone mtima ndi impso. Mupita kuchipatala chachikulu ku Chipata sabata ya mawa."

Mawu ake ankanjenjemera pang'ono. Ndinasangalala kuti akundidera nkhawa. Taonani mtima wa munthu.

Amayi ataona kalatayo anakhala pansi pakhonde. Anali ataonda m'masabata amenewo, ndipo ine ndinali ndisanazindikire.

"Mankhwala a kuchipatala akukana," anatero. "Izi n'za anthu, mwanawe. Ndani ali nawe chifukwa pamudzi pano?"

"Palibe, amayi."

"Alipo. Unamuchititsa manyazi pamaso pa mwana wa mng'ono wake."

Sabata yomweyo njovu zinalowa m'munda wa a Tabeth, umene uli kuseri kwa kiliniki. Amene anatenga mfuti yanga anaponya timipira tonse m'mwamba. Pofika m'mawa theka la chimanga linali litapita. Amayi atamva, analankhula pamjigo, pamaso pa azimayi onse.

"Mulungu waona. Amene anamanga magazi a mwana wanga walandira zake."

Sanatchule dzina, koma panalibe wofunsa kuti akunena ndani. A Tabeth ankagulitsa zitumbuwa pamsewu. Kuyambira tsikulo beseni linkabwerera lodzaza. Anthu akawaona akubwera ankapatukira njira ina. Lamlungu m'tchalitchi anakhala pabenchi okha, uku mpata, uku mpata.

Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndikuona khosi lawo litawerama. Ndinkadziwa kuti sanalakwe chilichonse. Ndinakhala chete.

Pa zonse zimene ndinachita, chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero.

5

Amalume anga a Benson ndi munthu wosakonda nkhani za m'makona. Anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ku Malama, ndipo amakhulupirira kuti vuto lililonse limatha anthu akakhala pansi m'mizere. Atatuluka m'tchalitchi tsiku lomwelo anaitanitsa mabanja awiriwa pansi pa mtengo wa msikizi. Anaitana anthu khumi. Kunabwera mudzi wonse.

Anaitananso munthu wina amene ine sindinkamuyembekezera. Nalishebo anafika atavala chitenje cha buluu, n'kukhala pampando pafupi ndi amalume.

"Asisita," anatero amalume, "tafotokozerani anthuwa za matendawa, kuti tisiye kulozana zala."

Nalishebo anafotokoza bwino, m'Chinyanja chake chopindika, mwina n'kuponyamo mawu a Chikunda amene ndinamuphunzitsa. Anati BP si ufiti, imagwira aliyense, ngakhale kwawo ku Mongu iliko.

"Nanga bwanji mankhwala anu sakugwira?" anafunsa amayi.

Nalishebo anayang'ana pansi. "Chimenecho sindikudziwa, amama."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Pamenepo a Tabeth anaimirira, anamanga chitenje bwinobwino.

"Ine si mfiti," anatero. "Ine ndine mlonda wa anyani. M'munda mwanga muli nsanja, ndipo chimanga chikayamba kubereka ndimakhala pamwamba pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Munthu wa pansi sandiona. Ine ndimaona zonse."



Anatembenukira kwa ine. "Japhet mwananga, ndinathandiza amako kukusambitsa uli wakhanda. Unena wekha, kapena ndinene ine?"

Maso onse anali pa ine. Panalibe kalendala yoti ndiyang'ane. Ndinaimirira.

"Ine… sindikudwala."

"Kweza mawu," anatero amalume. "Akumbuyo sakumva."

"Sindikudwala!"

Tsopano ndikuuzeni za Lachisanu lachinayi lija, monga ndinauzira anthu pansi pa msikizi.

Tsiku limenelo ndinalowa m'chipinda cha Nalishebo ndili womasuka. Ndinamupatsa moni ndine woyamba. Tinaseka. Anandikulunga lamba, ndipo mtima wanga, umene unali utayamba kumuzolowera, unangogunda mwaulemu. Makina anati 122. Nalishebo anaomba m'manja. "Mwachira! Mubwerenso kamodzi kokha. Zikadzakhala chonchi, basi, za Lachisanu zatha."

Munthu wanzeru akanati, asisita, poti za kuno zatha, tingaonane kwina? Mawu amenewo ndinawakonza. Anafika pakhosi n'kubwerera.

Ndiye Lachisanu lotsatira ndinasiya khadi langa pansi pa makadi onse, ndinazemba, ndinalowa kanjira ka kuseri kwa chimanga cha a Tabeth. Ndinathamanga kuchokera pakamtsinje mpaka pachulu, kubwerera, kupitanso, maulendo khumi. Nditasuzumira n'kuona kuti pamzere patsala munthu mmodzi, ndinapukuta nkhope n'kulowa. Ndinachita zimenezo Lachisanu lililonse. Thukuta ndinkanamizira dzuwa la kuchigwa kuno.

"Nanga mapiritsi?" anafunsa amalume.

"Ali kudenga, m'udzu. Sindinamwe ngakhale limodzi."

"Sabata ina," anawonjezera a Tabeth, "anaona kuti liwiro lokha silikukwanira. Anathamanga atasenza njinga pamutu."

Amalume anavula magalasi. "Mphwanga, ndaphunzitsa ana ambiri opusa, koma onse ankakhala ndi chifukwa. Chako n'chiyani?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Nena!" anakuwa a Tabeth.

"Ndinkafuna… ndinkafuna ndizionana ndi asisita."

Kenako ndinamva phokoso la benchi ikugwa. Anali Evans, atagona chagada, miyendo m'mwamba, akulira ndi kuseka. Mudzi wonse unatsatira. Azimayi a chigwirizano, omwe aja anandipempherera, ankamenyana pamapewa. Amayi anafunda chitenje kumutu.

"Nanga inu a Tabeth," anafunsa amalume phokoso litachepa, "munaona zonsezi, munakhaliranji chete?"

"Poyamba ndinkati wapenga. Kenako ndinaona malaya osita aja, ndinaona kumene ankalowera akamaliza, ndinamvetsa. Ndinati ndimusiye, mwina ulendo uno salowa m'nkhokwe. Sindinadziwe kuti ndilipira ndine."

Atanena mawu omalizawo, kuseka kunatha.

Munthu mmodzi yekha sanaseke chiyambire. Nalishebo anaimirira, anagwadira amalume pang'ono mwaulemu, n'kumapita osacheuka.

6

Madzulo omwewo amayi anagwira tambala wamkulu pa onse, ine ndinasenza thumba la chimanga, tinapita kwa a Tabeth. Amayi anagwada pabwalo. Sindinayambe ndawaonapo akugwadira munthu wa msinkhu wawo.

"Anzanga, ndinakuipitsirani dzina pamjigo. Mawa ndikalikonza pamjigo pomwepo."

A Tabeth anawasiya ali chogwada kwa kanthawi ndithu. Kenako analandira tambala. "Dzukani. Inu munalankhula chifukwa cha mantha. Uyu ndiye ndili naye nkhani." Anandiloza. "Chimanga chatsalacho ulondera ndiwe mpaka tikolole. Ndipo beseni la zitumbuwa uzinyamula ndiwe kupita nalo kumsewu, uziitanira wekha ogula, mpaka onse amene anathawa abwerere."

Kuitanira ogula. Ine. Bola akanandipatsa chilango cha zikoti.

Lolemba ndinatsitsa mapiritsi kudenga n'kupita nawo kukiliniki. Ndinakhala pamzere ngati wina aliyense, anthu akundiloza ndi milomo. Nditalowa, Nalishebo sanadzutse mutu.

"Ndabweza izi," ndinatero, n'kuika mapaketi patebulo.

Anawayang'ana. "Mankhwala akatuluka muno sabwereranso kwa wodwala wina. Awa ndi otaya. Mukudziwa kuti mwezi watha anatithera kwa masiku anayi? Kunabwera abambo ena ochokera kutali, wapansi, ndinawabweza opanda kanthu. Anu ali m'udzu."

Anakankhira mapaketi pambali n'kupitiriza.

"Ndinaimbira foni mnzanga wa ku Lusaka kumufunsa za inu. Ndinawerenga mabuku anga a kusukulu. Ndinkati ndalakwitsa penapake, munthu afera m'manja mwanga. Ndinalira, a Japhet. Mukanangonena!"

"Ndikanakomoka."

"Ndine nesi. Ndikanakudzutsani."

Pakona pa mlomo wake panagwedera pang'ono, koma anadzigwira.

"Tulukani. Panja pali odwala enieni."

Ndinatuluka. Masabata atatu sindinayandikire kiliniki. Evans anandibwezera mfuti, atandiseka kaye mpaka kutsamwa. Masana ndinkakhala pamsewu ndi beseni la a Tabeth. Tsiku loyamba ndinkaitanira chonong'ona, moti mayi wina anandifunsa ngati ndikupemphera. A Tabeth anali pambali ndi kamtengo.

"Kweza! Zitumbuwa sizigulitsidwa ndi maso!"

Tsiku lachitatu ndinakuwa ndithu. Anthu ankabwera kudzaona munthu wosenza njinga, n'kugula. Atsikana ankandiseka, ine n'kupeza kuti ndikuwayankha, ndipo sindinafe. Ndinazindikira chinthu chimodzi pamsewu paja: mudzi wonse unali utandiseka kale pa chinthu chachikulu, ndiye panalibenso chobisa.

Loweruka lina cha m'ma 10 a Tabeth anandigunda ndi chigongono.

"Uyo akugula tomato apoyo. Siya beseni."

"Sandifuna, amayi."

"Wadutsa pano katatu sabata ino, ndipo zitumbuwa sadya. Pita. Uyende bwinobwino ngati munthu."

Ndinapita. Ndinalibe malaya osita. Manja anali a mafuta, kumapazi fumbi. Nalishebo anandiona ndikubwera, ndipo sanachoke.

"Muli bwanji, asisita?"

"Ndili bwino. Kaya inu, a zitumbuwa?"

Mayi wogulitsa tomato anasiya zonse n'kutchera khutu. Wa masamba nayenso anasendera. Ndinapuma mpweya wambiri. Ndinamuyang'ana kumaso, osawerenga.

"Ndinakunamizani, ndipo ndinapweteketsa anthu. Sindidzachitanso. Koma chifukwa chake chinali choona. Ine… ndimakukondani, asisita. Pepani."



"Dzina langa si asisita."

"Ndimakukondani, Nalishebo."

"Ndamva." Anaika tomato m'thumba mmodzimmodzi, osafulumira. "Sindikuyankhani lero. Ndikadali wokwiya, koma pang'ono. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndilibe zochapa. Mukandionetse njovu ya maungu ija, ngati sinali bodza nayonso."

"Iliko! Ndikulumbira, iliko!"

"Tikaona."

Atachoka, mayi wa tomato anaimba nthungululu mpaka madalaivala a pamsewu anatsika kudzafunsa kuti kwabadwa mwana kwa yani.

7

Njovuyo sitinaione. Tinakhala pagombe la Luangwa maola awiri, tikuona mvuu zikuyasamula, ndipo ndinalankhula zinthu zopanda mutu zambirimbiri. Pena mawu ankatha, tonse n'kungokhala duu. Ndinkayesa kuti chete wotero ndi imfa. Iye anati amamukonda, chifukwa sabata yonse amakhala akumva madandaulo.

Yankho anandipatsa patapita miyezi iwiri. Pamene ndikulemba pano, amalume a Benson akukonza ulendo wa ku Mongu wokakamba za ukwati, masiku awiri pabasi, ndipo a Tabeth akakamira kuti apita nawo, ati nkhaniyi anaiona ikuyamba ndipo sangaimve kwa anthu. Nalishebo wandichenjeza kuti ali ndi azakhali asanu ndi awiri, onse olankhula kwambiri, ndipo aliyense adzafuna kundifunsa payekha. Ndikaganiza zimenezo m'manja mumatuluka thukuta.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumawoloka msewu mukaona munthu amene mumamukonda akubwera, sindikunamizani kuti manyazi amatha. Anga alipobe. Ndimachitabe chibwibwi, makutu amatenthabe. Kale ndinkaganiza kuti manyazi anga ndi nkhani yanga ndekha, sapweteka wina. Koma amayi anga anaonda, mayi wosalakwa anakhala yekha pabenchi ya tchalitchi, ndipo abambo ena amene sindikuwadziwa n'komwe anabwerera kwawo wapansi opanda mankhwala. Zonsezo chifukwa ndinkaopa mawu osakwana khumi.

Musadikire tsiku limene mudzakhale olimba mtima, silibwera lokha. Ine ndinayamba ndi funso limodzi laling'ono, ndikuyang'ana kukhoma. Yambani pamene mungathe. Mawu adzatuluka okhota, mwina pamaso pa ogulitsa tomato, manja ali a mafuta. Mwina adzakukanani, ndipo mudzadzuka m'mawa mwake muli moyo.

Anga anatuluka ndi pepani kumapeto. Nalishebo amandifunsabe kuti pepaniyo anali wa bodza lija kapena wa kumukonda. Ndimamuuza kuti wa bodza. Wa kumukonda sindidzapepesa.